Cholira Chifuna Mafuta

Efulemu Chisale atabwerako ku Joni, anthu a kumidzi ya Mitundu anayamba kumumva asanamuone. Anamva chinthu chikugunda chakuphiri la Bunda ngati mvula yosokera m'mwezi wa Juni. Nkhuku zinabalalika, agalu analowa kunsi kwa nkhokwe, kenaka kunabwera fumbi, ndipo m'fumbimo munatuluka munthu wa jekete lachikopa ndi magalasi a maso a chule, atakhala pa njinga yamoto yakuda bii, yonyezimira ngati nthenga za khwangwala. Munali m'masiku a Chitaganya, fodya akupita kumsika.

Munthuyu anachoka ali kamnyamata, wapansi, pa selefu, wopanda chiphaso cha Wenela, kampani yolemba anthu ntchito za kumigodi, chimanga chokazinga m'thumba. Anawoloka Zambezi pa bwato lodontha. Anakumba malasha ku Wankie, anaphika tiyi ku Bulawayo, anasenza matumba padoko la Beira mpaka msana unachita zipsera. Atafika ku Joni anakana kulowa pansi pamgodi, nakhala m'galaja ya Mgiriki wina kufikira anadziwa injini monga nakubala adziwira chifuwa cha mwana wake. Njingayo anaigula ili chiphakasa, naiukitsa ndi manja ake.

"Ine msewu umandipatsa moni," ankatero pabwalo, chipewa chili pabondo. "Kuchokera ku Joni mpaka pano sindinagwepo. Ngakhale pamchenga wa ku Tete, pamene malole amagona chagada, ine ndinadutsa ndikuyimba mluzu!"

Koma kunyumba kunalibe choimbira mluzu. Zaka zoposa khumi zinali zitadutsa, ndipo pamudzi anali atamuwerengera kale m'gulu la matchona. Bambo ake anali kumanda. Mayi ake, a Enifa, amene onse ankawaitana kuti Nambewe, anali pakhonde, maso ali mbuu ndi ng'ala. Amene ankawasunga anali mlongo wake Zipora.

Tsiku lofikalo Efulemu anagwada pamaso pa mayi ake, nagwira manja awo kuti awaike pankhope yake. Iwo anawabweza msanga.

"Iyayi. Ndikupapase ngati ndikusankha dzungu? Ndinakubala ndikuona, unachoka ndikuona. Mawu ndawamva, ndi ako. Koma nkhope ndiifuna ndi maso. Akuti kuchipatala cha ku Nkhoma amachotsa ng'ala, munthu n'kubwerako akutola singano pansi. Ukanditule kumeneko."

"Takhala tikukamba zimenezi chaka ndi chaka, achimwene," anatero Zipora. "Wapansi sangafike. Pangolo msana wawo sulola."

"Nkhoma?" Efulemu anaseka misozi ili m'maso. "Ameneyo ndi mtunda kapena ndi kuseri kwa nyumba? Amayi, mwezi uno usanathe mundiona, mudzanenanso nokha kuti munabala munthu wokongola."

Chimene sanawauze n'chakuti njingayo inali ndi chilema. Ulendo wa ku Joni unali utadya mabuleki. Pakati pa gudumu lililonse pali mbale yachitsulo, m'kati mwake muli tizitsulo tiwiri tokhota ngati mwezi wongooneka kumene, ndipo patizitsulopo amakhomerapo zimene amakaniko amati zikopa, ngakhale si za nyama. Zikopazo ndizo zimaluma mbaleyo munthu akaponda buleki. Za Efulemu zinali zitapyapyala ngati tsamba la fodya. Yekha akanatha kuyenda nazo, koma mayi ake ayi.

Anapita ku Nathenje, kusitolo ya Che Abdulla Sele, Myao wa ndevu za imvi amene ankagulitsa mchere, nsalu, palafini ndi maunyolo a njinga. Pansi pa kauntala ankasungapo bokosi la zitsulo za njinga zamoto, chifukwa akapitawo ogula fodya ndi aphunzitsi a mishoni ankadutsa pomwepo.

"Ndiye ndinu a Chisale amene mwagonthetsa Mitundu yonse?" anatero Che Abdulla. "Mbiri yanu inafika kuno fumbi lanu lisanafike."

"Mbiri ndi yaing'ono, Che Abdulla, mwini wake ndi uyu. Tulutsani zikopa za mabuleki. Musanditulutsire zachibwana, ine ndadya buledi wa m'galaja."

Che Abdulla anayala mitundu iwiri pakauntala. Zina zinali zakuda, zosalala, zofewa. Zina zinali zotuwa, zokhakhala ngati lilime la ng'ombe, zolukidwa ndi timawaya tamkuwa.

"Zakudazi n'zaulemu. Zimagwira mwakachetechete, akapitawo amazikonda. Koma pamtsetse wautali zikatentha zimalefuka. Zotuwazi n'zamwano. Zimaluma ngati ng'ona, mvula kaya dzuwa, koma zimalira, bambo. Zimalira mpaka zitazolowerana ndi mbale, ndiye zimayamba kufatsa."

Efulemu anazikanda ndi chikhadabo, anazinunkhiza, anazigogoda pamano. Anaganiza za njira yokwera ku Nkhoma, ndi mitsetse yake pobwerera, ali ndi nkhalamba kumsana.

"Ndinyamula mayi anga. Ndipatseni zamwanozo."

Mayi Safia, akazi a Che Abdulla, amene ankayeza mchere m'mbale chapambali, anadzutsa mutu.

"Pamudzi pali nkhalamba inu n'kupititsapo chinthu cholira ngati namfedwa? Anthu adzati malodza."

"Mayi, kuli bwino ilire njinga kusiyana n'kuti alire anthu."

"Apo mwanena," anatero Che Abdulla. "Pakamwa pokhapo a Chisale Mulungu sanakumaneni."

Efulemu anakhala pakhonde la sitolo, nagulula magudumu onse awiri, nakhomera zikopazo yekha ndi timisomali tamkuwa, uku akufotokozera anthu odikira basi mmene anathamangitsirana ndi mkango ku Wankie. Atamaliza anayesa njingayo pamsewu. Atangoponda, inaima nji, ngati yagwidwa ndi dzanja, koma kulira kwake! Kwiiii! Mbuzi inadula chingwe.

Atafika kwawo n'kuima pakhomo, amayi awiri anatuluka m'nyumba zoyandikana manja ali kumutu, akufunsa kuti wamwalira ndani.

"N'chiyani chikulira chonchi?" anafunsa Nambewe.

"Ndi mabuleki atsopano, amayi. Ndagula apamwamba zedi, oyenera inu."

"Chapamwamba chimalira? Chinthu chokhuta sichilira, Efulemu. Waiyendetsa kuchokera ku Joni osaipumitsa, miyendo yauma."

"Isiyeni ilire, ndiyo ntchito yake."

"Bambo ako ankateronso za iwe. Unali mwana wolira usana wonse, iwo amvekere musiyeni akule chifuwa. Ine ndinkangokudzoza mafuta a nsatsi m'mikono ndi m'miyendo, iwe tulo. Cholira chifuna mafuta."

Amenewo anali mawu awo a masiku onse, ndipo panalibe amene ankawalabadiranso. Nambewe anali ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi kamene ankakamangirira kunsonga ya nsalu, ndi nthenga ya nkhuku yopakira. Maso atafa, makutu awo anatsala akuthwa ngati lumo, ndipo chilichonse cholira pamudzipo chinkawapeza. Adzukulu osweka mapazi ankawadzoza. Gudumu la ngolo ya a Isake oyandikana nawo analiletsa kulira ndi iwo. Ngakhale chitseko chamatabwa chimene Efulemu anawaikira atangofika, chitangoti kwii kamodzi, anachilondola ndi zala mpaka anapeza pamene chinkadandaulira. Efulemu anangoseka, nayamba nkhani ya sitima za pamadzi za ku Beira.

Tsiku loti mawa lake ndi ulendo, petulo anali atatsala pang'ono, choncho anatenga chigubu napita wapansi ku Mitundu. Anagulakonso mpango wofiira wa maluwa achikasu, kuti chikhale chinthu chachiwiri chimene mayi ake adzaone. Pobwera, dzuwa litapendeka, anawapeza atakhala pafupi ndi njinga, akupukuta manja pansalu, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi.

"Mukutani apa, amayi?"

"Timacheza ndi mnzangayu. Mawa andibereka, ndiye ndimati tidziwane."

Kutacha, Zipora anawaveka mpango uja, nawakweza kumbuyo. Poopa kuti angaterereke, anatenga nsalu yaikulu nawamangirira kumsana kwa Efulemu, mfundo pachifuwa.

"Lero ndakuberekani ine, amayi. Tabwezerana."

"Iwe unkandikodzera kumsana. Usaope, ine sindibwezera."

Anthu anaseka, Zipora anapukuta maso, njinga inagunda. Pamphambano yotulukira kumudzi Efulemu anaponda buleki pang'ono. Njinga inafatsa, koma sinalire. Anakumbukira mawu a Che Abdulla, kuti zikazolowerana ndi mbale zimaleka phokoso, ndipo anakondwa kuti zazolowera msanga. Phazi linamva ngati pafewerapo, koma anali kuyenda pang'onopang'ono, dziko la kumeneko n'lathyathyathya, ndipo munthu wodziwa magiya safuna buleki pachigwa.

Kunali kachisanu, kumwamba kuli mbee. Nambewe anatsamiritsa chibwano paphewa la mwana wawo, akufuula m'khutu mwake.

"Tili pati?"

"Bunda tamusiya kumbuyo, amayi!"

"Akadali ndi mutu wake wa dazi uja?"

"Akadali nawo! Pobwera mudzamuona nokha!"

"Ndidzayambe iwe. Kenaka ana a Zipora, wamng'onoyo sindinamuonepo. Kenaka mango amene anabzala bambo ako, akuti atalika kuposa nyumba. Iii, koma chinthuchi chimathamanga! Mphepo yake ngati ndabwerera utsikana. Onjezera pang'ono!"

"Ayi, amayi, katundu ndanyamulayu ndi wa dzira."

Anadutsa madambo ouma, minda ya mapesi, zigafa za fodya, amayi osenza mitolo ya udzu amene ankaima kukamwa kuli yasa poona gogo wa mpango wofiira akuuluka. Efulemu anali atayendapo misewu ya phula ya mizinda ya magetsi, koma sanayendepo ulendo wokoma ngati umenewo.

Kutsala pang'ono kufika ku Nathenje, njira imatsetsereka kulowa kukamtsinje, ndipo pakamtsinjepo panali mlatho wamitengo wokwana ngolo imodzi. Atangoyamba kutsetsereka, Efulemu anaona kuti pamlathopo paima ngolo yodzaza mabelo a fodya. Gudumu lake linali litalowa pakati pa mitengo, ng'ombe zitapingasa, mwini wake akuzikwapula.

Anaponda buleki ya kumbuyo. Phazi linangomira ngati laponda phala. Anafinya ya kutsogolo mpaka chitsulo chinakhudza chogwirira. Njinga inangoti zii, osalira, osaluma, n'kumatsetserekabe. Anatsitsa giya, injini inabangula, liwiro linachepa koma losakwanira, pakuti anali anthu awiri pamtsetse wa miyala. Kutsogolo kunali nyanga za ng'ombe ndi chitsulo cha ngolo. Kumanja kunali chigwembe. Anakhotera kumanzere, kuudzu wautali, akuti udzuwo uwalandira.

M'udzumo munali chitsa.

Pogwa anayesa kudzipotokola kuti iye akhale pansi, mayi ake pamwamba. Koma mfundo ya nsalu inamasuka m'malere.

Atadzuka, m'kamwa muli dothi, anawapeza chagada pafupi ndi mwala, mpango uli poteropo. Magazi sanali ambiri, kamzere chabe kotuluka m'khutu. Mwini ngolo anasiya ng'ombe zake nathamangira ku Nathenje kukaitana anthu. Efulemu ananyamula mutu wa mayi ake nauika pamwendo pake.

"Amayi! Amayi, ndine!"

Zikope zinagwedezeka. Mawu anatuluka aang'ono, koma anali awo ndithu, ndi nthabwala zawo zomwe.

"Wagwa, iwe wosagwa?"

"Ndagwa, amayi. Musayankhule, anthu akubwera."

"Koma wamva? Njira yonseyi sinalire." Anamwetulira. "Ndinaidzoza dzulo uli ku Mitundu. Miyendo yonse iwiri. Ndinapeza kampata m'mbali mwa mbale zakezo, pamene imalirira, ndinathiramo ndi nthenga mpaka kabotolo kanatsala theka. Inali ndi ludzu, mwana wanga."

Apo m'pamene Efulemu analimva fungo. Linali m'manja mwa mayi ake, linali m'nsalu yawo, linkachokeranso kugudumu limene linali likuzungulirabe pang'onopang'ono m'udzu. Fungo la nsatsi, limene anakulira nalo.

"Sindinachite bwino?" anafunsa Nambewe.

"Mwachita bwino, amayi. Yayenda mwaulemu ngati galimoto ya bwanamkubwa."

"Nanga tagwa bwanji?"

"Ndine. Ndinathamangitsa. Mukundidziwa kale, matama."

"Matama a bambo ako." Anapuma nthawi yaitali, mpweya ukukoka. "Ku Nkhoma n'kutali kuchokera pano?"

"Pafupi. Phiri lake ndi ilo likuoneka."

"Usandinamize. Bwera nayo kuno nkhopeyo."

Efulemu anawerama. Manja aja amene anakana tsiku lofika anakwera okha. Zala zinayenda pachibwano, pamasaya onyowa, pachipsera cha chitsulo chimene chinamutema ku Beira, pamphuno, pazikope, mpaka pamwamba pa mutu. Pamenepo zinaima.

"Dazi! Ndiye unkati ndinabala munthu wokongola?"

"Ndinkaopa kuti mukana kupita."

"Wakalamba, Efulemu. Unachoka ulibe ndi ndevu zomwe." Chala chinabwerera pachipsera chija, chikusisita monga ankachitira pomudzoza. "Koma ndiwe. Ndiwe ndithu."

Pamene Che Abdulla ankafika ndi anthu atanyamula machira, dzanjalo linali litagwera kale paudzu.

Anthu atanyamula thupi kukwera nalo mtunda, Che Abdulla anatsalira. Nkhope yake inali itagwa, pakuti zikopa zinali za m'sitolo mwake. Anagwada pagudumu lakutsogolo, napisa chala m'kampata ka mbale. Chinatuluka chonyezimira. Anachinunkhiza, nayang'ana Efulemu.

"A Chisale, awa si mafuta a injini."

"Pukutani chalacho, Che Abdulla."

"Koma anthu adzafunsa. Adzati ndinakugulitsani zowola, kapena adzati inu..."

"Katundu wanu analibe mlandu, ndipo ndidzanena pamaso pa onse. Zinazo pukutani."

Che Abdulla anapukuta chalacho paudzu, ndipo sanazitchulenso moyo wake wonse.

Pamaliro, monga mwa mwambo, amalume ake a Efulemu, a Pitala, amene anali mwini mbumba, anaimirira kufunsa chimene chinadya mlongo wawo. Anthu anali atayamba kale kunong'ona. Ena ankati njinga ija inalira maliro tsiku lomwe inabwera kuchokera ku Nathenje, ndipo anthu anamva ndi makutu awo. Ena ankati munthu sabwera ku Joni ndi chuma chotere popanda chizimba, ndipo chizimba chachikulu ndi mayi wokubala. Bwanji mwini wake anangokalika pachigongono?

Efulemu anazimva zonsezo. Ankadziwa kuti mawu ochepa chabe akanamutsuka. Koma mawu omwewo akanasandutsa Nambewe nkhalamba yopusa imene inadzipha ndi nthenga ya nkhuku, nkhani yoseketsa pamowa kuchokera ku Mitundu mpaka ku Nathenje, ndipo Zipora, amene anawayengera mafutawo, akanaisenza mpaka kumanda. Anaimirira, chipewa m'manja.

"Amalume, mabuleki anali abwino, ndinasankha ndekha. Njira inali yabwino. Ine ndinathamangitsa pamtsetse, ndinalephera kuigwira. Ndagwetsa mayi anga ndine."

"Iwe amene unkati sunagwepo?"

"Ine ndemwe."

Panalibe amene anamutsutsa. Amene ankakhulupirira za chizimba anapitiriza kukhulupirira, ndipo kuyambira tsiku limenelo amayi ena ankakokera ana awo m'nyumba iye akamadutsa. Pabwalo, pamene kale anthu ankasunthirana kuti amve za ku Beira, tsopano ankasunthira kutali. Iyenso nkhani zinamuthera.

Njingayo anaikonza, pakuti manja ake sankatha kuona chitsulo chopindika n'kuchisiya, koma anaigulitsa kwa kapitawo wina wa fodya. Asanaipereke anaikamo zikopa zina. Zakale zija anazigulula yekha chitseko ali atatseka. Chikopa cha buleki chikamwa mafuta sichichira, ngakhale uchiwiritse kapena uchiwambe pamoto. Anazikulunga mumpango wofiira uja, naziika pansi pa sutikesi imene anabwera nayo ku Joni.

Mvula itayamba, chitseko chamatabwa cha nyumba ya Nambewe chinafufuma, ndipo chinayambanso kulira. Kwii potsegula, kwii potseka. Tsiku lina Zipora anatulukira ndi kabotolo kaja ndi nthenga yake.

"Ndakapeza m'nsalu zawo. Koma kanali kodzaza, achimwene, ndinawayengera sabata yomwe ija. Kaya anathira chiyani theka lonseli." Anawerama pachitseko. "Paja ankati cholira chifuna mafuta."

Efulemu anamugwira dzanja mofatsa, natenga kabotoloko.

"Chisiye, mlongo wanga. Chisiye chilire."